Manders yakwera koma timadontho ta PLA tachepa: kodi ER ndi mitochondria zayandikana kapena zatalikirana?

Namzeze

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumayeza malo amene ER (endoplasmic reticulum, ukonde wa timachubu ndi nembanemba mkati mwa selo) imakhudzana ndi mitochondria, tiziwalo topanga mphamvu m'selo.

Maselo ndi HeLa, maselo a munthu oweta mu labu. Ndachepetsa puloteni ina ya pa nembanemba yakunja ya mitochondria ndi siRNA (timizere ta RNA toletsa selo kupanga puloteniyo) kwa maola 72, ndipo western, njira yoyezera kuchuluka kwa puloteni, ikuonetsa kuti yachepadi. Vuto n'lakuti njira ziwiri zimene ndayezera zikutsutsana.

Yoyamba ndi maikulosikopu ya confocal pa maselo amoyo: Sec61β yolumikizidwa ndi GFP, puloteni yowala mobiriwira (Sec61β-GFP), kuonetsa ER, MitoTracker Deep Red 100 nM kwa mphindi 30 kuonetsa mitochondria, lenzi ya 63x ya mafuta, NA 1.4, chithunzi chimodzi chodutsa pakati pa selo. Ndawerengera Manders, nambala yoonetsa gawo la mtundu umodzi lomwe likugwera pa unzake m'chithunzi, mu pulogalamu ya Fiji ndi JACoP, threshold (malire a kuwala kowerengedwa) ndikuika ndekha ndi maso. Gawo la mitochondria lomwe likugwera pa ER lakwera m'maselo a siRNA.

Yachiwiri ndi PLA (proximity ligation assay, imene imapanga kadontho kowala pamene mapuloteni awiri ayandikana) ya Duolink pakati pa IP3R1 ya pa ER ndi VDAC1 ya pa mitochondria, maselo oumitsidwa (fixed) ndi PFA (paraformaldehyde) 4%. Timadontho pa selo iliyonse tachepa, ndipo si kuchepa kokayikitsa, kukuoneka ngakhale ndi maso.

Chinanso chomwe ndaona: m'maselo a siRNA mitochondria yaduka-duka, yakhala timibulu, ndipo yambiri yaunjikana mozungulira nucleus, pomwe mu control ndi yaitali yofalikira mpaka m'mphepete.

Ndiye ndikhulupirire iti? Ndipo ngati zonse ziwiri sizokwanira, ndi njira iti ina imene ingathetse mkanganowu osawononga miyezi yambiri?

Mlamba

A Namzeze, yankho lili m'ndime imene mwaitchula ngati chongowonjezera ija. Mitochondria ikasintha maonekedwe ndi malo, Manders imasintha ngakhale malo okhudzana asanasinthe n'komwe.

Tiyambe ndi masamu. Mpata wa pakati pa nembanemba ziwirizi pamalo okhudzana umakhala pakati pa 10 ndi 30 nm. Lenzi yanuyo, ndi kuwala kobiriwira kwa 520 nm, imasiyanitsa zinthu ziwiri pokhapokha zitatalikirana pafupifupi 0.61 × 520 ÷ 1.4, kutanthauza 227 nm cham'mbali. Chokwera ndi chotsika n'koipirapo, 500 mpaka 700 nm. Ndiye kachubu ka ER kodutsa 150 nm pamwamba pa mitochondrion, kosaikhudza ngakhale pang'ono, kamapereka pixel yachikasu yofanana ndendende ndi kamene kamangiriridwa pa 15 nm. Zili ngati nyali za minibasi ziwiri mukaziona usiku muli pamwamba pa phiri: zimaoneka ngati zagundana pomwe pakati pake pakhoza kudutsa ngolo.

Tsono mozungulira nucleus ndi pamene selo ya HeLa imanenepa, ndipo ER pamenepo ndi yothithikana, mapepala pamwamba pa mapepala. Chilichonse chimene mungaike pamenepo, kaya lysosome, kaya peroxisome, chidzaoneka kuti chagwera pa ER. Mitochondria yanu yasamukira pamalo amenewo. Manders sikanachitira mwina.

Nkhani ya puloteni ya MFN2 (mitofusin 2) ndi phunziro kwa aliyense wogwira ntchitoyi. Mu 2008 de Brito ndi Scorrano ananena kuti MFN2 imamangirira ER ku mitochondria, ndipo umboni wina unali wakuti kugwerana kwa mitundu pa confocal kumachepa MFN2 ikachotsedwa. Mu 2012 gulu la Cosson ku Geneva linayeza ndi maikulosikopu ya ma electron n'kupeza kuti malo okhudzana achuluka, osati kuchepa. Mu 2015 Filadi, Pizzo ndi anzawo ku Padova anapeza zomwezo, n'kunena kuti kuduka-duka kwa mitochondria n'kumene kunkasocheretsa confocal. Mu 2016 gulu la Scorrano linabweranso ndi njira zina n'kuimabe pa mfundo yake yoyamba. Malabu aluso kwambiri akhala akukangana zaka zonsezi pa puloteni imodzi, ndiye musadziimbe mlandu.

Musanataye zithunzi zimene muli nazo, chitani izi. Dulani kagawo ka makona anayi ofanana mbali zonse mkati mwa cytoplasm, tembenuzani channel ya ER (chithunzi cha mtundu wa ER wokha) madigiri 90, muwerengerenso Manders. Nambala yomwe ituluke ndi ya kugwerana kwamwangozi. Ikakhala pafupi ndi ya chithunzi chenicheni, ndiye kuti muyeso wanu ukungoyeza kuchuluka kwa ER pamalopo. Chitani padera pafupi ndi nucleus ndi m'mphepete mwa selo, ndipo muyerekeze dera ndi dera lofanana nalo, osati selo yonse.

Mukamajambulanso, musinthe zingapo. Threshold yoika ndi maso isiyeni, makamaka mukudziwa kuti mbale iyi ndi ya siRNA. Gwiritsani ntchito njira imodzi ya makina, Otsu kapena Costes, pa zithunzi zonse. Jambulani z-stack (zithunzi zosanjikiza kuchokera pansi pa selo kufika pamwamba), pixel ya 40 mpaka 60 nm, sitepe ya 130 mpaka 200 nm, pinhole 1 Airy unit, kenako deconvolution. Jambulani channel iliyonse payokha motsatizana, ndipo muone ndi timikanda ta TetraSpeck ngati chobiriwira ndi chofiira kwambiri zikugwera malo amodzi, chifukwa 488 ndi 640 zimatha kusemphana ndi 100 nm kapena kuposa mu z. MitoTracker nayonso ili ndi zake: imalowa mkatikati mwa mitochondrion, osati pa nembanemba yakunja pamene pamakhudzana ndi ER, ndipo imalowa molingana ndi membrane potential, mphamvu ya magetsi ya pa nembanemba yamkati. Ngati siRNA yafooketsa potential, kuwala kwachepa, threshold yasuntha, Manders yasintha. Antibody ya TOM20, yomwe imakhala pa nembanemba yakunja, kapena puloteni yowala yolunjika ku nembanemba yakunja, n'zabwinoko. Sec61β-GFP ikachuluka kwambiri imasintha maonekedwe a ER, ndiye sankhani maselo owala pang'ono.

Ngakhale mutachita zonsezi, dzina loyenera la muyesowu ndi kuyandikana, osati kukhudzana. Pa njira zoona mwakuthwa kuposa confocal wamba, Airyscan kapena SIM zimakufikitsani pa 100 mpaka 140 nm, STED pa 30 mpaka 50 nm. Kulipo bwino, koma mpata wa 15 nm sunaonekebe. Ngati funso lanu likulola kusintha maselo, COS-7 ndi U2OS ndi zophwatalala m'mphepete, ndipo timachubu ta ER timaoneka kamodzikamodzi.

Chisoso

Ndikugwirizana ndi a Mlamba pa Manders, koma a Namzeze musathamangire kunena kuti PLA yapambana. Kuunjikana komweko kumathanso kuipusitsa, kungoti mbali inayo.

Kumbukirani kuti kadontho kamodzi n'chiyani. Ma antibody awiri oyamba amagwira IP3R1 ndi VDAC1, ma probe a PLUS ndi MINUS amagwira ma antibody aja, ligase imalumikiza timizere ta DNA kukhala mkombero ngati ma probe ali pafupi mosapitirira 40 nm, kenako polymerase imazungulira mkomberowo n'kupanga mpira wa DNA. Mpira umenewu ndi waukulu, theka la micrometre kapena kuposa. Mitochondria ikafalikira selo yonse, mipira imakhala patalipatali ndipo imawerengeka. Ikaunjikana pa nucleus, mipira itatu kapena inayi imasanjikizana, ndipo Analyze Particles imawerenga umodzi. Mukapanga maximum projection, kuphatikiza zithunzi zonse za z-stack kukhala chimodzi, zimaipiraipira. Tsegulani zithunzi zanu muone kukula kwa timadontho: ngati m'maselo a siRNA ndi tochepa koma tikulutikulu ndi towala kwambiri, ndi zimenezi. Werengani mu 3D, kaya ndi 3D Objects Counter kaya Find Maxima pa plane iliyonse, ndipo mulembenso kuwala konse kwa PLA pa selo.

Chachiwiri, PLA imayeza mapuloteni awiri, osati nembanemba ziwiri. VDAC1 ikachepa chifukwa mitochondria yachepa, mwachitsanzo mitophagy (selo kugaya mitochondria yake) ikakwera pambuyo pa kuduka-duka, timadontho timachepa ngakhale mpata uli womwewo. Pangani western ya VDAC1, IP3R1, GRP75 (yolumikiza ziwirizi) ndi TOM20 kuchokera m'mbale zofesedwa tsiku limodzi ndi ma coverslip. Onaninso mtundu wa IP3R umene wachuluka m'maselo anu, chifukwa HeLa ilinso ndi IP3R3, ndipo kuyeza mtundu umodzi wokha n'kuona theka la nkhani. Timadontho muzitigawa ndi kukula kwa mitochondria m'selo imeneyo, osati ndi chiwerengero cha ma nucleus. Kuti izi zitheke, mukamaliza PLA pakani TOM20 yolumikizidwa kale ndi utoto, kapena yochokera ku nyama yachitatu imene ma probe sangaigwire.

Pa kachitidwe kake, malo amene zinthu zimalakwika ndi odziwika.

Kuumitsa: PFA 4% yofunditsidwa kufika madigiri 37, mphindi 10 mpaka 15. PBS yozizira kuchokera m'firiji ikathiridwa pa maselo amoyo imadula mitochondria musanayambe n'komwe. Methanol ayi, imasungunula mafuta a nembanemba n'kusokoneza maonekedwe.

Kuboola: Triton X-100 0.1% kwa mphindi 10 mpaka 15. VDAC1 yakwiririka mu nembanemba, ndiye Triton ikachepa antibody siifikira. Ikachuluka, nembanemba imaphwasuka ndipo mapuloteni amasuntha. Nthawi ikhale yofanana pa ma coverslip onse, ndi wotchi m'manja.

Ma antibody oyamba: imodzi ya mbewa, ina ya kalulu, iliyonse yoyesedwa payokha ndi immunofluorescence wamba ndiponso pa maselo amene puloteniyo yachotsedwa. Musagwiritse ntchito mlingo wa immunofluorescence osauyesa. Antibody ikachuluka, timadontho timadzaza mpaka kusiya kutsatira kusintha kwenikweni. Yesani 1:100, 1:500, 1:1000 ndi 1:2000, musankhe pamene timadontho tikuwerengeka kamodzikamodzi.

Masitepe a Duolink: blocking mphindi 60, ma probe osungunulidwa 1:5 ola limodzi, ligation mphindi 30 ndi ligase 1:40, amplification mphindi 100 ndi polymerase 1:80, zonse pa madigiri 37 m'kabokosi ka chinyezi kofunditsidwa kale. Pafupifupi 40 µl pa sikweya sentimita iliyonse. Ma enzyme atuluke mu -20 ali m'chozizira chake, muwathire m'chosakaniza pomwe mukufuna kuika pa coverslip, osati mphindi khumi zisanafike. Ma wash buffer A ndi B akhale otentha ngati chipinda, ozizira amabweretsa background. Ndipo coverslip isaume ngakhale kwa masekondi ochepa: m'mphepete mukauma mumadzaza timadontho tabodza, ndipo mukajambula pamenepo mu control koma pakati mu siRNA, mwapanga kusiyana ndi manja anu.

Control yosiya antibody imodzi ndi yofunika koma ndi yofooka, imangoonetsa kuti ma probe sakudzimatirira okha. Yamphamvu ndi siRNA ya VDAC1 kapena ya GRP75 ndi ma antibody onse awiri alipo. Onjezani gulu lachiwiri la mapuloteni losadalira loyambalo, VAPB ndi PTPIP51. Magulu onse awiri akatsika limodzi, mapuloteni ake osachepa pa western, pamenepo mungayambe kukhulupirira. Likatsika limodzi lokha, nkhani ndi ya mapuloteni amenewo, osati ya malo okhudzana onse.

Namzeze

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndabwerera ku zithunzi. Nditatembenuza channel ya ER pafupi ndi nucleus, Manders sinasinthe kwenikweni, ndiye imeneyo ndaiika pambali. Pa PLA, timadontho ta m'maselo a siRNA n'tokulirapodi, ndipo ndinawerengera pa maximum projection. Western ya VDAC1 sindinapange.

Mwayi wa TEM, maikulosikopu ya ma electron, ulipo kudzera ku labu ina, koma amalipiritsa pa sampulo iliyonse, ndiye ndikufuna kutumiza zinthu zokonzedwa bwino ulendo umodzi. Ndikonze bwanji, ndipo pa chithunzi ndiyeze chiyani kwenikweni? Komanso SPLICS, choyezera cha GFP yogawidwa pawiri, ingalowe m'malo mwa TEM?

Nthiwatiwa

Ngati TEM ilipo, pitani nayo, a Namzeze. Ndi njira yokhayo pa zimene zatchulidwa pano imene imaonetsa nembanemba ziwirizo ndi mpata wake. Koma ma sampulo ambiri amaonongeka m'mphindi zisanu zoyamba, asanafike n'komwe kwa odula.

Maselo aumitsidwe ali m'mbale momwe anamera. Trypsin kapena kukanda maselo amoyo kumawazungulitsa ngati mpira, cytoskeleton imagwa, ndipo tiziwalo tonse timapanikizana. Konzani fixative ya mphamvu yowirikiza, glutaraldehyde 5% mu 0.2 M sodium cacodylate pH 7.4, muifunditse kufika madigiri 37, muthire mulingo wofanana ndi medium imene ili m'mbale. Zikatero maselo akumana ndi 2.5% osasambitsidwa, osazizidwa, osauma. Pakatha mphindi 5 mpaka 10 chotsani, muike 2.5% yatsopano mu 0.1 M cacodylate kwa ola limodzi. Glutaraldehyde ikhale ya EM grade, ya mu ampule yotsegulidwa tsiku lomwelo. Yakale imapanga ma polymer n'kutsika pH, ndipo mudzaziona pa chithunzi: mitochondria yotupa, mkati moyera, cristae (mapindo a nembanemba yamkati) zothyoka. Mitochondrion yotupa imakankhira nembanemba yake ku ER, ndiye sampulo yotero musaiyeze, itayeni. Mukatumiza ku labu inayo, ziyende m'buffer pa madigiri 4, mbale yodzaza yomata bwino, ndipo zisaundane.

Muwapemphe kuti osmium ikhale yochepetsedwa mphamvu, osmium tetroxide 1% pamodzi ndi potassium ferrocyanide 1.5% kwa ola limodzi pa ayezi. Imadetsa nembanemba n'kusiya cytoplasm yoyererapo, ndipo m'mphepete mumaoneka bwino poyeza. Mtengo wake ndi wakuti ma ribosome amazimiririka pang'ono, ndiye ngati mukufuna kusiyanitsa ER ya ma ribosome ndi yosalala, awuzeni pasadakhale. Kenako ethanol 50, 70, 90 ndi 100%, Epon pa madigiri 60 kwa maola 48, kudula mogona motsatira pansi pa mbale, tizigawo ta 60 mpaka 70 nm. Muwauze kuti adule pa msinkhu wofanana m'ma sampulo onse, mwachitsanzo pamene nucleus yayamba kuoneka bwino. Kagawo ka pansi penipeni ndi ka pakati pa selo ndi maiko awiri osiyana.

Pojambula, pixel ikhale 1 nm kapena kuchepera. Wojambula asadziwe kuti sampulo iti ndi iti, ndipo asasankhe mitochondria yooneka bwino; ajambule cytoplasm yonse ya selo motsatira mzere. Inunso poyeza mayina a mafayilo abisidwe.

Pa mitochondrion iliyonse lembani zinthu izi padera: kutalika kwa mzere wozungulira nembanemba yakunja, chiwerengero cha malo amene ER yafika pafupi mosapitirira 30 nm, kutalika kwa malo aliwonse otero, ndi mpata wake woyezedwa pa mfundo zitatu kapena zisanu, kuchokera kunja kwa nembanemba imodzi kufika kunja kwa inzake. Mu Fiji njira yachangu ndi kujambula mzere wa mitochondrion, kuukulitsa ndi Enlarge 30 nm, n'kuyeza ER imene yagwera mkati mwa lambayo. Chitaninso ndi 10 nm. Mu 2006 Csordás ndi Hajnóczky ku Philadelphia anaonetsa ndi electron tomography kuti zomangirira zimakhala pafupifupi 10 nm pa ER yosalala ndi 25 nm pa ya ma ribosome, ndiye malire amodzi okha amabisa kusintha kochoka m'gulu lina kupita m'linzake. Pamene ma ribosome ali mkati mwa mpatawo, umatha kufika 50 mpaka 80 nm. Amenewo muwawerenge paokha.

Yezani pokhapo pamene nembanemba zonse ziwiri zikuoneka ngati mizere yakuthwa. Kagawo ka 70 nm n'konenepa kuposa mpata wa 15 nm kanayi kapena kasanu, ndiye nembanemba yodulidwa mopendekera imaoneka ngati utsi wotuwa, ndipo mpata umaoneka wotsekeka pomwe ulipo.

Kwa inu makamaka, nambala yofunika ndi peresenti ya mzere wozungulira mitochondria imene yakutidwa ndi ER. Chiwerengero cha malo okhudzana pa mitochondrion iliyonse chidzatsika chokha chifukwa timibulu n'tating'ono, ngakhale palibe chasintha. Pali index ya ERMICC, imene imagawa kutalika kwa malo okhudzana ndi mzere wozungulira kuchulukitsa ndi mpata. Mukhoza kuionetsa, koma osati yokha, chifukwa ikasintha simudziwa kuti chasuntha ndi chiti mwa zitatuzo. Poyerekezera, Rizzuto ndi anzake mu 1998 anapeza kuti 5 mpaka 20% ya nkhope ya mitochondria mu HeLa ili pafupi ndi ER. Control yanu ikatuluka 50%, kaonenso malire anu kapena kuumitsa kwanu.

Za n, chiwerengero cha zoyesera zodziimira pazokha. Mitochondria 300 yochokera m'mbale imodzi si n ya 300. Fesani ndi kuchita siRNA maulendo atatu osiyana, maselo 10 mpaka 15 ulendo uliwonse, tengani avereji ya selo, kenako ya ulendo. Ngati ndalama zikukwana ma sampulo asanu ndi limodzi okha, akhale control ndi siRNA katatu, osati mitundu isanu ndi umodzi kamodzikamodzi.

FIB-SEM, maikulosikopu ya ma electron yosenga sampulo pang'onopang'ono ikujambula, imapereka zonsezi mu 3D ndi voxel ya 4 mpaka 8 nm, koma imadya masiku pa selo imodzi. Pa funso lanu n'kupha nyerere ndi nkhwangwa.

Mlamba

Za SPLICS, popeza a Nthiwatiwa sanaikhudze. Ayi, silowa m'malo mwa TEM, koma imathandiza kuona maselo ambiri mwachangu.

Inachokera ku labu ya Calì ndi Brini ku Padova mu 2018. GFP imagawidwa pawiri: chidutswa chachikulu, ma strand 1 mpaka 10, chimakhala pa nembanemba yakunja ya mitochondria, strand ya 11 pa ER. Zikakumana GFP imawala. Ilipo yaifupi ya 8 mpaka 10 nm ndi yaitali ya 40 mpaka 50 nm, ndipo muzigwiritse ntchito zonse ziwiri, chifukwa zimatha kuyenda mosiyana pa kusintha kumodzi.

Vuto lake ndi lakuti zidutswa zikagwirana sizisiyana msanga. Choyezeracho chimasanduka chingwe. Chimasunga mbiri ya malo onse amene anakhudzanapo, ndipo chikachuluka chimadzipangira malo atsopano. Ndiye chimaona bwino kuwonjezeka kuposa kuchepa, pomwe inu mukukayikira kuti kwachepa. Ikani plasmid siRNA itagwira kale ntchito, maola 24 omaliza okha, osati tsiku limodzi ndi siRNA. Tengani ya P2A, imene imatulutsa zidutswa zonse ziwiri kuchokera ku plasmid imodzi mofanana, DNA yochepa, ndipo muyerekeze maselo a mlingo wofanana wa expression. Timadontho take natonso timasanjikizana pa nucleus ngati ta PLA.

Zosamata zilipo. ddFP, puloteni yowala pokhapo mbali zake ziwiri zikakumana, imagwirana n'kusiyana, koma ndi yozimiririka. FRET (kupatsirana mphamvu ya kuwala pakati pa mapuloteni awiri owala oyandikana) yokhala ndi FKBP ndi FRB, zidutswa zimene rapamycin imamangirira pamodzi, ngati FEMP, imaona mipata yosapitirira 10 nm: mumayeza FRET yoyambira, n'kuthira rapamycin 100 nM kuti mupeze yapamwamba, n'kuyerekeza ziwirizo. Mphindi zochepa zokha, chifukwa mukachedwa chingwecho chimafalikira ngati zipi mozungulira mitochondrion, ndiponso rapamycin imatseka mTORC1, yoyendetsa kakulidwe ka selo.

Pa njira iliyonse muikemo chinthu chodziwika kuti chimakoka nembanemba ziwirizi, monga chingwe chopanga cha mAKAP1-mRFP-yUBC6. Choyezera chikalephera kuona chimenecho, sichingaone chanu.

Chisoso

A Nthiwatiwa anena kuti TEM ndi yokhayo imaonetsa mpata. N'zoona, koma imaonetsa mtembo. Nembanemba ziwiri zikhoza kukhala pa 20 nm chifukwa chopanikizana basi, popanda chomangirira, popanda chodutsa. M'maselo amene mitochondria yaunjikana ngati anuwa, zimenezi n'zotheka kwambiri. Ndiye pamene mukudikira zithunzi, yezani ngati calcium ikuwoloka.

MCU, khomo lolowetsa calcium mkati mwa mitochondria, imafuna calcium yambiri kuti itseguke bwino, ma micromolar 10 kapena kuposa, ndipo mlingo wotero umapezeka pakamwa pa IP3R, khomo lotulutsira calcium mu ER, osati mu cytosol yonse. N'chifukwa chake kulowa kwa calcium mu mitochondria kumatsatira malo okhudzana. Ikani choyezera calcium chobiriwira CEPIA2mt mu mitochondria ndi chofiira ngati R-GECO mu cytosol, mujambule chithunzi sekondi iliyonse kapena mwachangu kuposa apo, masekondi 30 a poyambira, kenako histamine 100 µM kuti ER itulutse calcium. Buffer ikhale yopanda calcium, ya EGTA 0.1 mpaka 0.5 mM, yoikidwa mphindi imodzi kapena ziwiri zokha musanathire histamine. Mukaisiya nthawi yaitali ER imakhuthuka. Nsonga ya mu mitochondria muiyerekeze ndi ya mu cytosol ya selo yomweyo.

Ikatsika, pali zinthu zitatu zoti muchotse musanaloze chala malo okhudzana. ER ikhoza kukhala ndi calcium yochepa: thirani thapsigargin, yoletsa ER kupopera calcium mkati, 1 µM mu buffer yopanda calcium muone kuchuluka kotuluka. Potential ikhoza kukhala yofooka: yezani ndi utoto wa TMRM 20 nM, kumapeto FCCP, yogwetsa potential, kuti mupeze pansi pake. Makina olowetsera akhoza kukhala atasintha: western ya MCU ndi MICU1, komanso kuboola maselo ndi digitonin n'kuwapatsa calcium ya mlingo wodziwika, pamene ER ilibenso gawo. Kumbukiraninso kuti kuyandikana kwambiri si kuwoloka kwambiri. Mutu wa IP3R umatuluka pafupifupi 10 nm kuchoka pa ER, ndiye mpata ukapanikizika kuposa apo imasowa pokhala. TEM ikhoza kuonetsa malo opanikizika ochuluka pomwe PLA ya IP3R ndi calcium zatsika, zonse n'kukhala zoona.

Mwina wina akuuzani za kupatula MAM (zidutswa za ER zomatirira ku mitochondria) ndi Percoll, njira imene inayamba ndi Jean Vance mu 1990 pa chiwindi cha khoswe: mitochondria yosayeretsa pamwamba pa Percoll 30%, 95,000 g kwa mphindi 30, lamba woyera wa pamwamba ndiye MAM, n'kuugwetsa pa 100,000 g ola limodzi. Imayankha funso lakuti ndi mapuloteni ati amakhala pamenepo. Poyeza kuchuluka kwa malo okhudzana ndi yofooka, chifukwa zotuluka zimadalira mmene mwaphwanyira maselo, ndipo mitochondria ya timibulu siphwanyika ngati yaitali. Imafunanso mbale zambiri za 15 cm, zomwe ndi siRNA n'zodula.

Chimodzi chotsala, chomwe palibe choyezera chingakuchitireni: siRNA yachiwiri yolunjika mbali ina ya mRNA, ndi kubwezeretsa puloteniyo ndi cDNA imene siRNA singaigwire. Ndipo kuti mudziwe ngati kusinthaku kukuchokera ku puloteni yanu kapena ku kuduka-duka chabe, chepetsani DRP1, puloteni yodula mitochondria, pamodzi nayo kuti mitochondria italikenso, mubwerezenso PLA. DRP1 imagwira ntchito pamalo omwewo amene ER yakulunga mitochondrion, ndiye mbale ya siRNA ya DRP1 yokha isasowe.

Nthiwatiwa

Pa DRP1 ndikuvomera, koma onjezani mbale ina imene mitochondria yaduka popanda kukhudza puloteni yanu, mwachitsanzo siRNA ya OPA1, puloteni yolumikiza nembanemba zamkati za mitochondria, podziwa kuti imeneyo imasokonezanso cristae ndi potential. Ndipo ma coverslip a PLA, mbale za western ndi za TEM zichokere m'kufesa kumodzi ndi m'chosakaniza chimodzi cha siRNA, maselo atadzaza 60 mpaka 70% tsiku loumitsa. HeLa ikathithikana imanenepa n'kukokera mitochondria ku nucleus yokha, ndipo mbale za siRNA zimakonda kutsalira pa kakulidwe, ndiye werengani maselo tsiku loumitsa, osati tsiku lofesa lokha.